Odi pa Bwinja la M'thanthwe

Partick, Glasgow
19 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako, ndipo bondo lija laleka kuvuta. Ine ndinabwerako ku Amereka Lachiwiri. Kuno ndapeza mvula yathu ya masiku onse, koma mtima wanga ukadali kuchipululu cha Arizona.

Amayi, ndaona zinthu! Miyala yakumeneko ndi yofiira kuposa katondo, ndipo mitsinje inakumba zigwa zakuya moti ukasuzumira, pansi pake sipaoneka. M'mapanga a m'matanthwemo muli nyumba za miyala ndi dothi, zomangidwa zaka mazana ambiri zapitazo. Kuti mumvetse, ganizani za bwinja la agogo ku Mphunzi, koma lopachikika m'mwamba ngati chisa cha namzeze. Tinaona mphero, tinkhokwe, ngakhale zitsononkho za chimanga cha anthu akalewo!

Ndati "tinaona". M'kalata ija ndinalemba kuti ndipita ndi anzanga a kutchalitchi. Sindinaname, koma ndinabisala kuseri kwa ulemu: anzangawo ndi munthu mmodzi. Dzina lawo ndi a Atusaye, kwawo ku Karonga, amaphunzitsa masamu kuno. Musadzidzimuke, tinafikira kwa mlongo wawo, a Dyna, omwe amakhala komweko, ndipo anatiperekeza paliponse, diso lili pa ife ngati mphamba.

Titafika m'munsi mwa nyumbazo ndinaima. Munandiphunzitsa kuti pakhomo pa eni sufikapo osaodira, ngakhale pabwinja. Ndinaomba m'manja n'kufuula, "Odi!" Alendo ena anatembenuka, a Dyna anagwira pakamwa. Ndiye thanthwe linabweza mawu: "Odi... odi!"

"Mwamva?" anatero a Atusaye. "Mpaka miyala ikuyankha. Nanga inu, a Ketrina? Chaka chathunthu chatha ndikukuodirani."

"Mukuodira pakhomo polakwika, bambo," ndinatero. "Khomo lake lili ku Dedza."

"Basi, Disembala ndili komweko."

A Dyna anaimba nthungululu, chigwa chonse chinawathandiza.

Mantha anu ndikuwadziwa, Amayi. Munanena kale kuti mwana wamkazi mmodzi yekhayu akakwatiwa kwa olowola, mudzi wanu udzasanduka bwinja. Mawu amenewa ndinayenda nawo ulendo wonse. Koma mayi wina wakomweko, woonetsa alendo malowo, anandidzudzula nditanena kuti malowo anasiyidwa. Anati zidzukulu za omanga aja zimabwerabe kudzacheza, ndipo pamene ana amabwera sipanasiyidwe. A Atusaye anamva nawo. Pobwerera anandiuza okha kuti nyumba yathu yoyamba tidzamanga kwathu, kuseri kwa mapichesi anu. Akwawo tidzakambirana nawo, a Dyna alonjeza kutiyankhulira.

Pempho langa ndi limodzi. Nkhaniyi muwauze amalume a Lucius mwa nzeru zanu, atadya kale. Ine ndikawaimbira lamya adzayamba ndi kukuwa.

Moni kwa amalumewo ndi onse a kumvano. Zithunzi ndibwera nazo ndekha, pamodzi ndi mankhwala opaka a bondo. Pa 20 Disembala mudzamva odi pakhomo panu, wa Chichewa chopendekera ku Chinkhonde. Thanthwe la eni linandiyankha, Amayi. Chonde, inunso mudzamuyankhe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Ketrina