Njinga Zamoto Zinaperekeza Mdani wa Agogo

Aphungu,

Ndithandizeni ndisanachite zimene ndingadzanong'oneze nazo bondo. Agogo anga aamuna, Don Eleuterio, anatisiya sabata yatha ali ndi zaka 93. Anamenya nkhondo ku Korea, ndipo chisanu cha kumeneko chinawadula zala ziwiri zakuphazi. Anatipempha chinthu chimodzi chokha: tsiku lowaika adzawatsogolere amuna aja a njinga zamoto amene amadzipereka kuperekeza maliro a asilikali akale. Ankakonda kunena kuti, "Ndikufuna tauni yonse ya Aibonito idzatseke makutu."

Ndinakonza zonse ndi mtsogoleri wao, bambo wina wamimba dzina lake Aníbal, amene kale ankayenda khomo ndi khomo kupereka makalata. Zinabwera njinga 24, mbendera zili petupetu, eni ake atavala majekete achikopa dzuwa likuswa mtengo. Ndinagwetsa misozi yonyada.

Koma tsiku lomwelo, panyumba yokonzera maliro yomweyo, pankanyamukanso thupi la Don Nicanor. Mkulu ameneyu anazemba nkhondo ponama kuti mapazi ake ndi odwala, komatu pachikondwerero chilichonse woyamba kuvina anali iye. Ankasewera domino ndi agogo masana aliwonse, cholinga kungonyozana. Agogo atangomwalira, iye anatsatira m'mawa mwake. Agogo aakazi akuti inali nsanje basi.

Njinga zimayenda patsogolo, galimoto yamaliro pambuyo. Tinanyamuka bwinobwino. Titafika pamphambano ndinauza dalaivala kuti akhotere kumanzere, agogo akadutse komaliza patebulo lao la domino, monga mmene aliyense wamtima akanachitira. Mphindi khumi zokha. Njinga zinangopitirira, ndipo galimoto ya Don Nicanor, yotuwa ngati yathu, inalowa m'mbuyo mwao. Magalasi aja amawaikiranji panjinga, Aphungu? Opesera ndevu?

Pofika kumanda tinapeza amuna 24 atandanda, akuchitira sawatcha munthu amene nkhondo yake yaikulu inali yolimbana ndi udzudzu. Bokosi lake linalibe ngakhale mbendera. Atazindikira anathamangira kwa ife wapansi, ali wefuwefu, koma agogo anali atalowa kale pageti mwakachetechete ngati wakuba. Pano mkazi wa malemu Don Nicanor, Doña Herminia, akumaima pakhomo la tchalitchi n'kumauza anthu kuti mwamuna wake anali msilikali wachinsinsi. Akuti, "Boma limadziwa zimene inu simudziwa."

Aníbal anabwera kudzapepesa. Ndinamufunsa kuti ngati maliro akuwapereka pakhomo lolakwika, makalata a anthu ankawaponya kuti zaka zonse zija. Ndinanenanso zina zosalembeka. Anathawa n'kuiwala chisoti chake, ndipo ndadzalamo anyezi.

Tsopano watumiza uthenga woti Loweruka, tsiku lotsiriza la novena, mapemphero aja a masiku naini opempherera malemu, akufuna adzatiperekeze kuchokera kunyumba mpaka kumanda, chithunzi cha agogo chili patsogolo. Agogo aakazi akufunitsitsa, koma akuti mawu omaliza ndi anga popeza ndine ndinakonza zonse. Usiku ndi usana akungoyang'ana kumsewu. Mtima wanga ukuti amuna amenewa akagwere. Ndivomere?

Y. M. R.,
Aibonito.

Wokondedwa Y. M. R.,

Pepa ndi imfa ya agogo ako. Munthu woyitanitsa phokoso pamaliro ake ndikanakonda kucheza naye.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse ndapunthwa pamphambano paja. Anauza dalaivala kuti akhote ndani? Nanga Aníbal unamuuza? Sunalembe, ndipo munthu wa pakamwa ngati pako akanakhala kuti anamuuza akanalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Amunawo anali patsogolo, ndipo kunkhongo kulibe maso. Mlandu wao ulipo: bokosi lopanda mbendera linayenera kuwadabwitsa. Koma theka la katunduyu ndi lako, mwana wanga, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mkwiyo wako sukuphwa. Kukwiyira bambo wamimba n'kosavuta kusiyana ndi kudzikwiyira wekha.

Ndiye chita izi. Zula anyezi, tsuka chisoti, ukachipereke wekha m'manja mwa mwini wake. Ukamuuze kuti nawenso unalakwitsa. Ndi mawu ochepa, sapha munthu. Kumbukira kuti anthu amenewa palibe amawatuma. Wina anatukwanidwa pakhomo panu, komabe akupempha kubweranso. Anthu otere ndi osowa.

Za Loweruka vomera. Ujambule njira yonse papepala, tebulo la domino likhalepo, ndipo aliyense alandire lake. Iweyo ukakwere kumbuyo kwa Aníbal. Akasochera uli pamsana pake, pamenepo ndiye udzandilembere, ndidzakuthandiza kumutukwana. Uwapemphe kuti pofika pabwalo ndi pageti la manda alize njinga zao mpaka mawindo anjenjemere, chifukwa chimene agogo anapempha si sawatcha, ndi phokoso.

Doña Herminia musiye. Ndi namfedwa ngati agogo ako aakazi, ndipo wapeza kanthu kogwirira mtima. Tauni yonse ikudziwa amene anataya zala ndi amene ankavina. Komanso Don Nicanor wagona m'manda momwemo. Phokoso la Lowerukalo adzalimva bwinobwino, ndipo ulendo uno sadzatha kunena kuti ndi lake.

Chenjezo langa ndi ili: ukakana, Aníbal adzadandaula sabata imodzi n'kugula chisoti china, koma amene udzawalanga ndi mayi wokalamba amene akuyang'ana kumsewuyo. Usawamane. Ndipo musananyamuke, imba foni ufunse ngati kuli maliro ena Loweruka. Mukafika pamphambano paja, usalozere aliyense njira, dzanja lako likhale m'thumba.

Aphungu.