Andichotsa M'chipinda Choyera

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndine mlongo wako wamkulu, uja umati Achedwa, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Cholembera agwira ndi atelala oyandikana nawo nyumba, koma mawu ndi anga. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa.

Unkafunsa za ntchito yathu. Akatswiri a kuntchito kwathu amasungunula pulasitiki m'mankhwala mpaka akhale ngati madzi ofiirira. Amadontheza pa kagalasi kochepa ngati chikhadabo, n'kukazunguza pa makina. Chotsalapo ndi kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi, ndipo akalumikiza magetsi kamawala. Ine, zaka khumi ndi zinayi, ndakhala ndikutsuka timagalasito ndi kukolopa chipinda choyera chomwe amagwiriramo ntchitoyi, nditavala chovala chobisa thupi lonse, maso okha kunja.

Kafumbi kamodzi kakagwerapo, kakhunguko kamabooka, ntchito ya sabata yonse n'kutayidwa. Miyezi iwiri yapitayi timagalasi tambiri tinawonongeka. Ndinayamba kukolopa kawiri pa tsiku, osathandiza. Kenaka amayi otiyang'anira anabweretsa kachipangizo kowerenga fumbi. Ndikatuluka kankakhala chete, ndikalowa kankalira. Anandiitanira pambali, mwaulemu ndithu, nandiuza kuti khungu la munthu wokalamba limayoyoka mfundu, ndipo ndikawerama imatulukira m'khosi mwa chovala. Ndinati ndizidzola mafuta. Anati mafuta ndiye oletsedwa kwambiri, amadetsa galasi.

Mnzanga wa pageti anaseka, nati ndiye kuti masiku onsewa ndinkadzikolopa ndekha. Nanenso ndinaseka, koma chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Tsopano andipatsa khonde ndi masitepe. Sanandichotse ntchito, ayi. Koma masitepewo ndi a nyumba zinayi zosanjikizana, ndipo mawondo akukana. Chaka chino sindichimaliza kuno.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana wako wachiwiri ali m'nyumba yanga ija ndi banja lake, ndipo ndinamuuza ndekha kuti akhalemo. Sindikumuthamangitsa. Umufunse ngati angandisiyire kachipinda ka kumbuyo. Ndikafunsa ine avomera chifukwa cha manyazi, mkazi wake n'kumavutika mumtima. Iwe umuyang'ane kumaso poyankha.

Moni kwa alamu anga, azakhali ngati akumvabe, ndi adzukulu onse. Undiyankhe msanga ndisanatchule kwa abwana tsiku losiya ntchito. Akazengereza mwanayo, usandikometsere, undiuze momwemo.

Ndine mlongo wako,
Achedwa