Kapepala ka Chifalansa M'thumba la Jekete

Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndakhala pa banja ndi aOswald zaka khumi. Kwathu ndi ku Malindi koma tikukhala kuno ku boma la Mangochi. Iwo ndi weta pa hotela ina ya kunyanja. Mowa samwa, dzanja sananditukulirepo, kutchalitchi amaimba kwaya. Zinthu zinayamba kupotoka mu Ogasiti, bwana wawo atanena kuti amene adziwe Chifalansa ndiye adzakwezedwe kuti azilandira alendo pakhomo. Basi analembetsa sukulu ya madzulo kwa mphunzitsi wina wa kusekondale.

Poyamba ndinkangoseka. Ankapatsa moni nkhuku m'Chifalansa. Ndikawapatsira madzi osamba, ankati, "Mesi." Nditafunsa kuti Mesiyo ndi mwana wa yani, anati ndi zikomo. Ndinakhulupirira.

Mwezi watha anandipempha kalata yanga ya ubatizo. Anaiyang'ana, analemba kanthu m'kope mwawo, n'kundibwezera. Sabata yatha, ndikuchapa jekete yawo yoyera ya kuntchito, ndinapeza kapepala m'thumba. Ndakukoperani chilembo ndi chilembo:

"Chère Annette, n'oubliez pas le gâteau pour l'anniversaire de ma femme, le 24 décembre. C'est un secret."

Annette ndimamudziwa. Ndi namwino, sali pa banja, amaphunzira nawo limodzi Chifalansacho, ndipo amavala nsapato za gogoda ngakhale pamchenga.

Pamsika pano pali telala, Che Abudu, amene kale anagwirako ntchito kumigodi ya ku Congo. Ndinawapititsira kapepalako. Anavala magalasi, anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, khalani pansi kaye. Apa akuti wokondedwa Annette. Apa akuti mkazi wanga. Apa pa 24 Disembala. Apa akuti chinsinsi." Ndinafunsa za mawu otsalawo. Anati, "Amenewo kumgodi sitinkawagwiritsa ntchito. Koma mukaona mutu ndi mchira, mumafunsanso kuti ndi nsomba yanji?"

Pa 24 Disembala ndi tsiku lomwe ndinabadwa. Ndiye kuti kalata ya ubatizo ija aOswald ankafuna asankhirepo tsiku la ukwati wawo ndi Annette loti lindipweteke bwino. Ine tsikuli sindinaliwerengerepo, limandipeza ndikukolopa m'tchalitchi ndi kupeta mpunga wa Khirisimasi. Kubadwa komwe ndimadziwa kuti anthu amakondwerera ndi kwa Ambuye Yesu ndi kwa Ngwazi basi.

Ndinawafunsa aOswald mozembera kuti pa 24 pali chiyani. Anamwetulira mpaka mano onse kunja. "Udzaona wekha. Udzavale diresi yako yabwino, ana udzawasambitse." Tsiku lomwelo ananyamula chikwama kupita kuhotela, poti nyengo ino alendo achuluka ndipo antchito akugona konko. Adzabwera pa 24 pomwepo.

M'mawa mwake ndinakumana ndi Annette pamalo ogulitsira chambo. Ndinamufunsa anthu akumva, "Za pa 24 zija zikuyenda bwanji?" Anadzidzimuka. "Aa, mwadziwa? Iwo anati ndisakuuzeni. Koma zonse zili m'malo, mazira ndagula kale." Ndinamuuza mawu amene simungawasindikize m'nyuzipepala. Ndinamuponyeranso chambo, chinamupeza pachifuwa pa yunifolomu yake yoyera. Anachoka akulira, anthu akuwombera m'manja.

Ndalembera kale malume anga aSimioni, omwe ndi ankhoswe athu, kuti adzafike pa 24 pa lole ya m'mawa. Ayankha kuti abwera ndi akulu ena awiri. Tsono ndithandizeni. Ndidikire ndiuone ndi maso ukwati wawowo, kapena ndilongedze ndidzipita kwathu? Nanga mazirawo ndi a chiyani?

E.M., Mangochi

Mdzukulu wanga E.M.,

Usalongedze. Tsitsa katundu, ukhale pansi kachiwiri.

Kapepala kako ndinakakaonetsa kwa mayi wina wophunzitsa Chifalansa kuno ku Blantyre. Atawerenga kalata yako anaseka mpaka kupukuta misozi. Mwamuna wako analemba kuti: "Annette, musaiwale keke ya tsiku lobadwa la mkazi wanga, pa 24 Disembala. Ndi chinsinsi." Mkazi amene akutchulidwayo ndiwe. Mawu oti "chère" Afalansa amayambira nawo kalata iliyonse, ngakhale yopita kwa apongozi. Mazirawo ndi a keke yako.

M'mabuku amene mwamuna wako akuphunzira muli nkhani za anthu amene amakumbukira tsiku lobadwa la munthu wamba, amaphika keke, amaimba nyimbo. Iye anawerenga zimenezo n'kukumbukira iwe, amene tsiku lako Khirisimasi yakhala ikulimeza zaka zonsezi. Amuna ambiri amene amatchulidwa m'makalata obwera kuno sadziwa ngakhale mwezi womwe akazi awo anabadwa. Wako anachita kufufuza pa kalata ya ubatizo.

Telala uja usamuimbe mlandu wonse. Anakuuza yekha kuti mawu ena sakuwadziwa, iwe n'kusoka wekha pomwe panang'ambika.

Choyamba ndi Annette. Unamunyoza pamsika, ndiye kupepesa kwako kukamvekenso pamsika. Pita kwawo lero ndi mayi mmodzi wamkulu wa kutchalitchi kwanu, ukagwade, upemphe yunifolomuyo ukaichape ndi manja ako. Ukatero ubwerere pamalo a chambo paja, uwauze amene anawomba m'manja aja kuti unalakwitsa. Namwino amadalira mbiri yake kuti odwala amukhulupirire, ndipo iwe waidetsa. Akakana kuphika kekeyo usadandaule, ali ndi chifukwa. Akavomera, udziwe kuti wapeza mnzako woposa achibale ena.

Mwamuna wako usamudikire kuti amve nkhaniyi kwa ogulitsa nsomba. Mulembere kalata m'Chichewa chomveka, umuuze zonse, ndi za chambo zomwe. Adzakhumudwa, koma munthu wopatsa moni nkhuku sasunga mkwiyo nthawi yaitali. Ngati kekeyo ifika, padzakhala makandulo. Uwazime ndi pakamwa, usathirepo madzi.

Inu aOswald, ngati mukuwerenga, pepani kuti ndaulula chinsinsi chanu, koma ndaona kuti bwino chife chinsinsi kusiyana ndi banja. Maganizo anu anali abwino. Kungoti mwamuna wapabanja akamalemberana timakalata ndi mkazi wina m'chilankhulo chimene mkazi wake samva, aziyembekeza zimene zachitikazi. Chaka chamawa mudzatume mlongo wanu.

Chenjezo langa ndi la malume ako. Udzawachingamire komwe lole imaima, uwafotokozere zonse asanaponde pakhomo pako. Akuluakulu atatu amene agwedezeka pa lole kuchokera ku Malindi kudzaweruza mlandu sabwerera osaweruza. Akapeza kuti aOswald alibe mlandu, adzayamba wako.

Agogo