Kathengo Kamene Ababa Ankasiya

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Nanga amayi miyendo ija ikuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Ntchito ndi yomwe ija yotchetcha udzu kumalo osungirako zachilengedwe kunja kwa tauni. Koma mwezi uno ndinapalamula. Pali pena pamene nkhalango imathera, dambo n'kuyambira. Pakati pakepo pali kamzere ka tchire losokonekera, la zitsamba zaminga, timitengo tofupika ndi zomera zoyanga. Changu changa chija mukuchidziwa. Ndinaona ngati pakunyansa, ndiye ndinalowapo ndi chikwanje mpaka kuyeretsa mbee, osatumidwa ndi munthu.

Ndinkayembekezera kuyamikiridwa, koma akapitawo atafika anangogwira pakamwa. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anatola zisa zitatu pansi, china chili ndi mazira osweka, n'kundiuza kuti mbalame zimenezo sizikhala mkati mwa nkhalango, sizikhalanso padambo. Zimakadya kudambo, zikaona zoopsa zimathawira kumitengo, ndiye kwawo ndi pakatipo. Anatinso mizu ya tchirelo ndi imene imagwira dothi kuti lisatsike kukakwirira kasupe. Ntchito sanandichotse, koma tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Pobwerera ndinakumbukira kathengo kamene malemu ababa ankasiya kumunsi kwa munda wathu, pakati pa mitengo ija ndi dimba. Paja tinkawaseka kuti khasu lawo limatopera pamenepo. Ine ndinafika powauza pamaso kuti ndi ulesi basi. Iwo anangoyankha kuti chitsime chathu chimamwa pamenepo, ine n'kuseka kwambiri.

Tsopano alamu andiuza pafoni kuti mukufuna kulimapo mvula isanagwe. Ndikudziwa kuti ana akukula ndipo munda wachepa, sindikukudzudzulani ayi. Koma chonde achimwene, siyanipo kaye mpaka ndibwere mwezi wamawa, tikayendepo limodzi, ndikakuonetseni zimene ndaona kuno. Chitsime chija chikakwiririka, amayi ndi miyendo yawoyo akatunga kuti madzi?

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Muwauze amayi kuti mwana wawo wamakani uja wagonja. Zikundiwawa kuti ababa sindingathenso kuwapepesa. Chawo chimene ndingathe kusunga ndi kathengo kokhako.

Ndine mlongo wanu,
Wachangu uja