Galimoto ya malemu mkazi wanga ikufunika COF

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndimakhala ku Nchalo. Mkazi wanga Imelda anatisiya mu Febuluwale, madzi atasefukira m'madimba. Za malirowo sindinena zambiri. Ndikulemba za galimoto yake.

Atapuma pa ntchito ya unamwino anagula kagalimoto kakang'ono ka ku Jeremani, kakaunjika, ka mipando yachikopa. Anthu ankatiseka. Ankati galimoto yogunda mimba pansi choncho ndi ya m'tauni, kuno kumafunika ya miyendo italiitali ngati thirakitala ya m'minda ya nzimbe. Abale ake a ku Makhanga ankamufunsa ngati imayandama. Iye ankangoyankha kuti wakwera kabaza moyo wake wonse, msana wake uyenera kupuma.

Woyendetsa anali iyeyo. Laisensi ndili nayo, koma malo anga anali kumanzere. Chaka chilichonse nthawi ya COF, mayeso a galimoto aja, ikayandikira, ankandiimika kumbuyo kwa galimoto kuti ndione ngati magetsi akuyaka, iye akuponda buleki. Kenako tinkakwera mapiri kupita ku Blantyre kukaiyezetsa. Woyeza sanaibwezepo ngakhale kamodzi. Tikatuluka pageti ankasisita chiwongolero n'kuithokoza m'Chisena chake, "Takhuta."

Chichokereni iye, galimotoyo sinasunthe pansi pa mtengo wa nimu pamene anaiimika. Ndinkaganiza kuti ikamapuma ndiye kuti ikusungika bwino. M'mawa ndimakhala pampando wanga wa kumanzere, n'kutambasula dzanja kuliza injini pang'ono, kenako n'kuzimitsa.

Tsopano kapepala ka COF ka pagalasi kakutha mwezi wamawa. Mlamu wanga Sebastiano, mlongo wake wa Imelda, anabwera kudzaiona. Anapeza kuti matayala ang'ambika m'mbali chifukwa cha dzuwa, ndipo getsi limodzi lakumbuyo silikuyaka. Anati ndisavutike, mnzake wa takisi atibwereka matayala a tsiku limodzi monga amachitira ambiri, iye aiyendetsa yekha. Anatinso akudziwa munthu amene amabweretsa kapepalako galimoto isanachoke pakhomo. Nditakana zonse osapereka chifukwa, anati, "Alamu, galimoto si manda. Mukufuna tiziikapo nkhata za maluwa?" Zinandipweteka, koma ndinamumvetsa. Nayenso anataya mlongo wake.

Chifukwa chake sindinauzepo munthu, ngakhale mwana wathu Tithokoze amene amaphunzitsa ku Ngabu. Imelda anali wamfupi, ndiye mpando wa dalaivala anaukokera kutsogolo kwambiri. Ine ndine wamtali, Sebastiano nayenso. Ngakhale woyeza uja adzayenera kukhalapo, ndipo adzaukankhira kumbuyo osaganiza kanthu. Zovala za Imelda zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo wathu, ziwiya zake zinapitanso. Chimene chatsala monga anachisiyira ndi mpandowo.

Aphungu, kodi galimoto za mtundu umenewu zimapambanabe mayeso zitakhala nthawi osayenda? Ikakalephera koyamba ili m'manja mwanga, ndidzaona ngati ndamuchititsa manyazi. Kapena ndingoisiya pamene ilipo?

H.A., Nchalo

Bambo H.A.,

Pepani ndi imfa ya mayi a kunyumba. Musachite manyazi ndi nkhani ya mpandoyo. Ena amasunga mpango, ena kapu yomwera tiyi, inu mwasunga mpando. Si misala, ndi chikondi.

Koma pa funso lanu ndikuuzani mosabisa. Galimoto imeneyi sinkapambana chifukwa choti ndi ya ku Jeremani. Inkapambana chifukwa inkayenda, ndipo mwini wake ankaiona isanakaonedwe ndi ena. Galimoto siili ngati mbewu yosunga m'nkhokwe. Ikangokhala imadwala: matayala amauma, mabuleki amachita dzimbiri, makoswe amamanga nyumba m'mawaya. Ndi kutentha kwa kwanuko zimenezi sizichedwa. Kuliza injini m'mawa kumathandiza pang'ono chabe. Mukaisiya pansi pa mtengowo chaka china, mudzataya galimoto ndi mpando womwe.

Choyamba, itanani makaniko wodziwa galimoto zoterezi adzaione pakhomo pompo. Aone mabuleki, magetsi onse, hutala, mawaipa, malamba ndi mawaya a pansi pa boneti. Matayala gulani anuanu, ngakhale osakhala a dzina lalikulu. Ikakonzeka, muziyenda nayo maulendo aafupi, kutchalitchi kapena kumsika, kuti inu ndi iyo muzolowerane musanakwere mapiri.

Za mpando, musadikire kuti mlendo adzaukankhe inu mukuonerera pawindo. Kankhani nokha, kwanu, tsiku limene mwasankha. Muitaneni Tithokoze akhalepo, ndipo mumuuze zimene mwandiuza inezi. Mwina nayenso ali ndi kanthu kake kamene akubisa poopa kukuliritsani. Ngati misozi ibwera, isiyeni ibwere. Mukatero khalani pampandopo, mwana wanu akaime kumbuyo aone magetsi.

Alamu anu musawasungire mkwiyo. Pakamwa pawo panathamanga, koma anabwera chifukwa akukuderani nkhawa. Auzeni kuti thandizo lawo mukulifuna, koma la njira yowongoka. Angathe kukuperekezani ku Blantyre.

Ikakalephera, musati mwachititsa munthu manyazi. Adzakuuzani chimene chalakwika, mudzakonza, n'kubwereranso. Mayi amene anagwira ntchito m'chipatala zaka zonsezo ankadziwa kuti wodwala kuuzidwa kuti abwerenso si chitonzo.

Chenjezo langa ndi ili: matayala obwereka ndi kapepala kogula kumbali musayerekeze. Wapolisi wa pamsewu mungathe kumupusitsa, koma makona a m'mapiri a Chikwawa sawerenga kapepala ka pagalasi. Tithokoze waika mayi ake chaka chino. Musamuyendetsenso ulendo wa kumanda umenewo.