Nsapato za Ukwati Sizinafike

Wokondedwa mwana wanga Gelesomu,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kitweko. Kuno tilipo. Amako bondo likuwavutabe, koma pakamwa ndiye pali bwino zedi.

Nsapato unandigulira pafoni kwa ogulitsa akunja zija sizinafikebe. Ndapalasa njinga kangapo kukafunsa pa siteji ya mabasi ku Chadiza mpaka makondakitala akunditcha aNsapato. Mlongo wako Tisa akuti adilesi ndinakupatsa ija, "Mlolo, kuseri kwa dibi," akunja sangaidziwe. Nanga ng'ombe zimafikapo bwanji?

Akuti ogulitsawo adzakubwezera ndalama pakatha milungu itatu, chonsecho ukwati wa Tisa ndi Loweruka lino. Nsapato zanga zakale zija zayasama ngati mlamba, sindingaperekeze mkwatibwi zala zili panja. Vula zako zakutchalitchi, utumize pabasi ya ku Chipata mawa. Zakunjazo uzidikire ndiwe.

Mulungu akusunge, mwanawe.

Ndine atate ako.