Makina Anu ndi Lipenga Langa

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Malindi tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Yohane, wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga tapeza chochepa, mbuzi za a Saidi zinatithandiza kukolola.

Loweruka ndikupita ku Zomba kukayesedwa kuti ndilowe bandi. Akufuna munthu mmodzi yekha woimba besi, chilipenga chija cha kutchalitchi chimene munkati chidzandimeza. M'nyimbo imene anatipatsa muli mizere inayi yotsika pansi penipeni, pamene milomo imangonjenjemera ngati ya wodwala malungo. Ndikafika pamenepo mantha amandigwira. Ndimathamanga kuti ndidutsepo msanga, mpweya n'kundithera, mawu n'kusweka.

Azakhali a Dorika anaima pawindo n'kuti, "Iwe Lusiya, digiri ija ndi imeneyi, kulira ngati mvuu?" Ndinawayankha kuti bola mvuu imamveka mpaka kutsidya, nanga ana awo omaliza sukuluwo anawamvapo ndani? Ndikudziwa, mukanandiyang'ana ndi diso lija. Koma mudzi wonsewu sunandikhululukire kuti ndinasiya yunivesite. Tsiku limene ndinabwera ndi chikwama changa, chaka chachitatu chisanathe, inu nokha simunandifunse kanthu. Munangoti, "Tandilowetsera ulusi m'singanomu, maso andikana."

Sabata yatha batani lachitatu la lipenga linayamba kukakamira. Ndinakafuna mafuta m'kabati ya makina anu osokera, amene sindinawakhudze chichokereni inu. Kabotolo kanalimo, kokulungidwa m'kansalu ka yunifolomu ya sukulu. Ndinakhala pampando panu, lipenga pamiyendo, phazi n'kupita lokha pa chopondera. Amayi, mukudziwa kuti chitsulo chija chinasalala pamene pankakhala chidendene chanu?

Ndinayamba kupalasa, kenaka ndinaimba motsatira kugunda kwake. Nditafika pa mizere ija ndinathamanga monga mwa nthawi zonse, lamba wa makina n'kuvuka. Ndinabwezera. Ndinathamanganso, anavukanso. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, chifukwa ndinakumvani bwinobwino: "Wothamanga amasoka kawiri." Kachitatu ndinalola phazi kutsogolera, pang'onopang'ono ngati mmene munkapindira mpendero wa diresi la ukwati. Ndinatsika mpaka pansi, mawu osasweka, mawindo akunjenjemera.

Vuto ndi lakuti pogawa katundu wanu, amalume anapereka makinawo kwa alamu, mpongozi wanu uja, ndipo alamuwo ankafuna kudzawatenga Lolemba. Ine, amene sindinapemphepo munthu kanthu, ndinapita kukagwada. Ndinati, "Alamu, chonde, mpaka Lachisanu." Anandiyang'ana, mwana ali kubere, n'kuti, "Lachisanu, koma osadula lamba." Mawuwo anandiwawa, koma ndinathokoza. Mwaona mmene mwandisandutsira?

Mwina ku Zomba akatenga mnyamata wa chifuwa chachikulu, ine n'kubwerera kuno kuti azakhali adzapeze chotafuna. Sindikudziwa. Ku Zombako makina sadzakhalako. Koma dzulo ndinayesa kuimba nditawafundika nsalu, ndipo phazi langa linkapalasa lokha pa simenti.

Ndiye Loweruka m'mawa mudzakhale pafupi, Amayi. Oyesa aja akadzaona phazi likugwedera pansi pa mpando, adzayesa ndi mantha. Asiyeni aganize choncho. Ndikukulonjezani kuti pa mizere inayi ija sindidzathamanga.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu wa pakamwa uja,
Lusiya